Mmene Mwana wa Mlimi Anakhalira Mphunzitsi wa Sekondale

Tsiku lina titaweruka, mayi wina wa m'kalasi mwathu anatsalira. Anati: "Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali m'kalasi ya 9. Akuti akufuna kudzakhala mphunzitsi wa sekondale. Bambo wake akuti zimenezo n'za ana a m'tauni, bola angokwatiwa. Kodi mwana wa mlimi angafike kumeneko?"

Ndinawayankha kuti angafike. Koma popita kunyumba ndinaona kuti yankho langa linacepa. Mau a bambo aja sanangowatola panjira. Kwa zaka zambiri mau amenewo anali oona, cifukwa lamulo lenilenilo ndilo linkatseka njira imeneyi. Tiyeni tsono tiwerenge pamodzi mbiri yake. Tione amene anaitseka, amene anaitsegula, ndi pamene yafika lero.

1. Sukulu ziwiri m'dziko limodzi

M'nthawi ya atsamunda a Cipwitikizi, lamulo linagawa anthu a m'Moçambique. Panali azungu, eni ake a boma. Panali kagulu kakang'ono ka anthu akuda ochedwa asimilado, amene anaonetsa kwa boma kuti amalankhula ndi kulemba Cipwitikizi, ndi kuti anasiya miyambo ya makolo. Ndiye panali otsala onse, amene lamulo linkawacha indígena. Awa ndiwo ankalima thonje mokakamizidwa. Awa ndiwo ankagwidwa ndi asipayi kupita ku cibalo. Awa ndiwo makolo athu.

Sukulu nazo zinali za mitundu iwiri. Mwana wa mzungu ndi wa asimilado ankalowa sukulu ya boma. Ankaphunzira makalasi anayi, kenaka n'kupita ku liseu, ndiyo sekondale ya masiku amenewo. Mwana wa indígena anamuikira sukulu yakeyake. M'caka ca 1930 boma linakhazikitsa maphunziro ochedwa rudimentar, ndiye kuti maphunziro ongolawitsa. M'caka ca 1940 boma la Portugal linapangana ndi likulu la Mpingo wa Katolika ku Roma, ndipo m'caka ca 1941 maphunziro a ana akuda anaperekedwa m'manja mwa mishoni za Cikatolika.

M'sukulu zimenezi mwana ankaphunzira katekisimu, Cipwitikizi pang'ono ndi masamu pang'ono. Nthawi ina yambiri ankalima m'munda wa mishoni. Ankatha zaka zitatu asanafike m'kalasi ya 3. Ambiri ankabwereza, cifukwa mayeso anali m'cilankhulo cimene sankacimva kunyumba. Masukulu ambiri a m'midzi analibe kalasi ya 4. Ndipo ku liseu kunali malire a zaka zakubadwa. Mwana wa kumudzi, amene anayamba sukulu mocedwa cifukwa coweta mbuzi, ankafika pakhomo la liseu atakula kale. Ankamubweza. Amene sanabwezedwe cifukwa ca zaka ankabwezedwa ndi ndalama.

Eduardo Mondlane analemba m'buku lake lochedwa Lutar por Moçambique kuti m'caka ca 1960, pa Liceu Salazar, sekondale yaikulu ya ku Lourenço Marques, panali ana akuda 30 okha mwa ophunzira oposa 1,000. Umo ndi mmene zinalili mumzinda waukulu. Nanga kuno ku Tete ndi ku Niassa? Maliseu akuluakulu anali kutali, ku Lourenço Marques ndi ku Beira. Kuno kunali masukulu a mishoni monga Boroma pafupi ndi Tete, Lifidzi ku Angónia, ndi Messumba ya Angilikani m'mbali mwa nyanja. Anyamata ena ankalowa seminale ya ku Zóbuè, ena mwa iwo osati cifukwa cofuna unsembe, koma cifukwa panalibe khomo lina la maphunziro apamwamba. Ena ankaoloka malire kupita kwa abale ao ku Nyasaland, kumene ankaphunzira m'Cinyanja ndi m'Cingelezi.

2. Mphunzitsi woikidwa malire

Kodi aphunzitsi akuda analipo? Inde analipo, ndipo tiyenera kuwakumbukira ndi ulemu. Koma anawaikira malire.

Ku Alvor, m'dera la Manhiça, kunali sukulu yophunzitsa aphunzitsi a ana akuda. Pambuyo pa 1941 nchito imeneyi nayonso inapita kwa ansembe. Mnyamata wanzeru ankaphunzitsidwa kuti akaphunzitse m'sukulu ya kumudzi ndi kutsogolera mapemphero. Malipiro ake anali ocepa kwambiri poyerekeza ndi a mphunzitsi wacizungu. Pamenepo ndi pamene njira yake inkathera.

Kuti munthu aphunzitse ku liseu, ankayenera kukhala ndi maphunziro a yunivesite. Kufikira caka ca 1962 m'Moçambique munalibe yunivesite. Aphunzitsi a liseu ankacokera ku Lisboa, ku Coimbra ndi ku Porto. Tsono taonani mmene msampha unachedwera. Mwana wa mlimi sangalowe liseu. Wosalowa liseu sangapite ku yunivesite. Wosapita ku yunivesite sangaphunzitse ku liseu. Motero sekondale inakhala ya azungu mbali zonse ziwiri, wophunzitsa ndi wophunzira yemwe.

Mwana wakuda amene anamaliza kalasi ya 4 anali ndi nchito zowerengeka zoti asankhe: uphunzitsi wa mishoni, unamwino, kumasulira mau ku ofesi ya boma, kapena ukalaliki waung'ono. Samora Machel, mwana wa mlimi wa ku Gaza, anatsata njira ya unamwino. Eduardo Mondlane anacita kutuluka m'dziko. Anaphunzira sekondale ku South Africa mothandizidwa ndi mishoni ya ku Switzerland, kenaka anakaphunzira ku America, kumene anadzakhala mphunzitsi wa yunivesite. M'caka ca 1949 iye anathandiza kuyambitsa bungwe la ophunzira akuda a sekondale lochedwa NESAM ku Lourenço Marques. Linali kagulu kakang'ono, koma m'menemo munatuluka anthu monga Joaquim Chissano ndi Armando Guebuza.

Atsamunda ataona kuti maiko ena a mu Afirika akulandira ufulu, anayamba kusintha zina. M'caka ca 1961 anacotsa lamulo la indígena. M'caka ca 1962 anakhazikitsa maphunziro a yunivesite ku Lourenço Marques. M'caka ca 1964 anasintha dongosolo la pulayimale, ndipo masukulu anaonjezeka. Koma kusinthako kunadza mocedwa. Pofika caka ca 1975, ophunzira akuda pa yunivesite ija anali pafupifupi 40 okha mwa ophunzira oposa 2,400.

3. Sukulu za m'nkhondo ya ufulu

FRELIMO inabadwa ku Dar es Salaam pa 25 Juni 1962. Atsogoleri ake anadziwa kuti dziko silingayendetsedwe ndi mfuti yokha. M'caka ca 1963 Janet Mondlane anatsogolera kukhazikitsa sukulu yochedwa Instituto Moçambicano mumzinda womwewo. Colinga cake cinali cothandiza acinyamata othawa kwao kuti afike pa maphunziro a sekondale.

Nkhondo inayamba pa 25 Seputembala 1964 kumpoto kwa dziko, ndipo m'caka ca 1968 inakula m'cigawo ca Tete. M'madera omasulidwa a Cabo Delgado, Niassa ndi Tete munatsegulidwa masukulu a m'chire. Ana ankakhala pansi pa mitengo kuti ndege za adani zisawaone. Ankalemba pamcenga ndi cala. Makala ndi cinangwa couma zinkagwira nchito ya coko. Mphunzitsi kawirikawiri anali mnyamata kapena mtsikana wa kalasi ya 3 kapena ya 4. Lamulo lake linali lakuti wodziwa pang'ono aphunzitse wosadziwa.

Koma sekondale ya ku Dar es Salaam inakumana ndi mavuto. M'caka ca 1968 panabuka mkangano waukulu. Atsogoleri ankafuna kuti ophunzira azibwerera kukathandiza m'madera omasulidwa. Ophunzira ambiri ankafuna kupitiriza maphunziro ao kunja. Ambiri anacoka, ndipo sukulu inatsekedwa. Inatsegulidwanso m'caka ca 1970 ku Bagamoyo, m'Tanzania momwemo.

Mkangano umenewu tiusunge m'mutu. Funso lake linali ili: kodi maphunziro a munthu ndi ake yekha, kapena ndi a anthu onse? Funso lomweli linabweranso patapita zaka zisanu ndi zinayi.

4. Ufulu wafika, aphunzitsi acoka

Pa 25 Juni 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Tsiku limenelo anthu pafupifupi 93 mwa anthu 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga masukulu onse, a mishoni ndi a anthu ena omwe, kuti akhale a dziko. Graça Machel ndiye anali nduna ya maphunziro, ndipo anagwira udindo umenewu kufikira 1989.

Makolo anathamangira kukalembetsa ana ao. M'midzi anthu anaumba njerwa, ena anamanga ndi mitengo ndi udzu. Pa zaka zisanu zokha ana a pulayimale anacoka pa 700,000 kufika poposa 1,300,000. Ana amenewa pomaliza kalasi ya 4 ankafuna kupitiriza, ndipo masiku amenewo sekondale inkayambira m'kalasi ya 5.

Koma nthawi yomweyo Apwitikizi ambiri anali kucoka m'dziko. Pamodzi ndi iwo panacoka madokotala, amisiri a makina, alembi ndi aphunzitsi ambiri a liseu. Ophunzira a pa yunivesite, imene m'caka ca 1976 inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane, anatsika kufika pa 750 pofika 1978. Nyumba za sukulu zinalipo. Ana analipo ambirimbiri. Woima kutsogolo ndi coko ndiye anasowa.

Maiko ena anatumiza aphunzitsi othandiza. Anacokera ku Cuba, ku East Germany, ku Soviet Union, ku Holland, ku Brazil ndi kwina. Kuyambira 1977 ana a Moçambique ambiri anapita kukaphunzira sekondale pa cisumbu ca acinyamata ca ku Cuba. M'caka ca 1982 ana ena pafupifupi 900 anapita ku Stassfurt, ku East Germany. Thandizo limeneli linali lalikulu. Koma khasu lobwereka sulimira dzinja lonse. Dziko linafunika aphunzitsi akeake.

5. Tsiku la 8 Malici 1977

Pa 8 Malici 1977 Pulezidenti Samora Machel anasonkhanitsa ophunzira ndi aphunzitsi ku Maputo. Anawauza kuti dziko lilibe anthu ophunzira okwanira, ndipo silingadikire. Boma linatseka makalasi awiri omaliza a sekondale, ya 10 ndi ya 11. Ophunzira a makalasi amenewa anagawidwa ku nchito zimene dziko linkasowa. Ena anapita ku usilikali, ena ku ulimi, ena ku maofesi a boma, ena kukakonzekera yunivesite. Gulu lalikulu linapita ku uphunzitsi.

Ambiri anasonkhanitsidwa pamalo ochedwa Centro 8 de Março ku Maputo. Anaphunzitsidwa mwacangu, ndipo posakhalitsa anatumizidwa m'masukulu a m'zigawo zonse. Ambiri anali asanakwanitse zaka 20. Ena anapeza kuti ophunzira ao ndi amsinkhu wao, mwinanso akulu kuposa iwo. Ambiri anatumizidwa kutali ndi kwao, kumene sankamva cilankhulo ca anthu. Usiku ankawerenga zimene akaphunzitse m'mawa. Mabuku anali osowa, motero mphunzitsi ankalemba phunziro lonse pabolodi kuti ana akopere.

Anthu amenewa amachedwa mbadwo wa 8 Malici. Tinene zoona zonse za iwo. Ambiri ananyadira nchitoyi, cifukwa anaona kuti akumanga dziko ndi manja ao. Koma sanafunsidwe. Wofuna udokotala anapatsidwa coko. Wofuna kumanga milatho anauzidwa kuti akaphunzitse masamu. Ena anadzabwerera kusukulu patapita zaka zambiri. Ena sanabwererenso. Funso lija la ku Dar es Salaam linayankhidwa ndi lamulo: maphunziro ako ndi a dziko.

Tinenenso kuti maphunziro acangu anali ndi mtengo wake. Mphunzitsi wokonzedwa mothamanga sakanadziwa zonse, ndipo ana ambiri ankalephera mayeso ndi kubwereza makalasi. Komabe popanda acinyamata amenewa sekondale zikadatsekedwa. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri yathu, ana a alimi ndi a anchito anaima kutsogolo kwa makalasi a sekondale m'dziko lonse.

Boma litaona kuti cangu cokha sicikwana, linayamba kukonza njira yokhazikika. Yunivesite ya Eduardo Mondlane inatsegula gawo lophunzitsa aphunzitsi a sekondale. Pa 12 Okutobala 1981 linakhazikitsidwa bungwe la aphunzitsi la dziko lonse, ONP, ndipo n'cifukwa cake tsiku limeneli timakumbukira aphunzitsi. M'caka ca 1983 panatuluka lamulo la dongosolo latsopano la maphunziro. M'caka ca 1985 inakhazikitsidwa sukulu yapamwamba ya uphunzitsi, Instituto Superior Pedagógico, ku Maputo. Nchito yake inali imodzi: kukonza aphunzitsi a sekondale ndi akatswiri a maphunziro.

Sukulu za akuluakulu ngati yathu ino zinabadwa m'nyengo yomweyo. M'caka ca 1978 inayamba kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga. Pa kalembera wa 1980, osadziwa kuwerenga anali atatsika kufika pa 72 mwa 100 alionse. Koma maphunzirowo anali m'Cipwitikizi cokha, ndipo ambiri a m'midzi anagwa mphwayi.

6. Moto ulowa m'sukulu

Njira itangoyamba kuoneka, nkhondo ina inafalikira. Inali nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO, imene poyamba inathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenaka ndi boma la tsankho la South Africa. Akuluakulu a m'kalasi mwathu akuidziwa bwino kuposa ine, cifukwa anaiona ndi maso.

M'midzi yambiri sukulu ndi cipatala ndizo zinali cizindikiro ca boma. N'cifukwa cake zinkayamba kuwotchedwa. Aphunzitsi ambiri anaphedwa, ena anagwidwa, ena anathawira m'matauni. Mphunzitsi wina ankabisa mabuku ake m'nkhokwe ndi kukana kuti sadziwa kulemba, kuti apulumutse moyo. Pofika kumapeto kwa nkhondo, masukulu a pulayimale oposa theka anali atagwetsedwa kapena kutsekedwa. Tete ndi Zambézia ndi zina mwa zigawo zimene zinaonongeka koposa.

Anthu pafupifupi 1,000,000 anathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize anakhala ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza. M'misasa ina aphunzitsi othawa nkhondo anasonkhanitsa ana ndi kuyambanso kuphunzitsa. Koma ana oculuka anakula osaona kalasi. Ena a inu amene mukuwerenga tsamba lino ndinu ana amenewo. Simunalephere sukulu cifukwa ca ulesi kapena umbuli. Sukulu ndiyo inakuthawani.

Amene anatsala pa nchito anavutikanso ndi njala. Kuyambira 1987 mitengo ya zinthu inakwera kwambiri, ndipo malipiro a mphunzitsi sankafika kumapeto kwa mwezi. Ambiri anasiya uphunzitsi kukafuna nchito zina.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu anabwerera kumabwinja ao, ndipo nchito yomanga inayambanso. M'zaka za 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'cilankhulo cao pamodzi ndi Cipwitikizi. Linayesa m'zigawo ziwiri: ku Gaza m'Cichangana, ndi kuno ku Tete m'Cinyanja. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'masukulu ena a boma. Cilankhulo cimene kale mwana ankamenyedwa naco kusukulu cinakhala cilankhulo ca m'buku.

7. Njira ya masiku ano

M'caka ca 1995 sukulu ija ya uphunzitsi inasanduka yunivesite, Universidade Pedagógica, ndipo pang'onopang'ono inatsegula nthambi m'zigawo. M'caka ca 2019 inagawidwa kukhala mayunivesite asanu. Ya Púnguè inapatsidwa zigawo za Manica ndi Tete. Ya Rovuma inapatsidwa Nampula, Cabo Delgado ndi Niassa. Mwana wa ku Ulónguè kapena wa ku Metangula safunikanso kuoloka nyanja yamcere kuti akhale mphunzitsi wa sekondale.

Malamulo ena anathandiza kutsegula njira. M'caka ca 2004 boma linacotsa ndalama zolembetsera ku pulayimale. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aziphunzira kufikira kalasi ya 9. Mwa lamulo lomwelo pulayimale ili ndi makalasi 6, ndipo kuyambira 2023 kalasi ya 7 inalowa ku sekondale. Caka comweco ca 2018 boma linafafaniza lamulo lakale limene linkatumiza mtsikana wapakati ku sukulu ya usiku. M'caka ca 2019 panatuluka lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18.

Tsono makwerero ake ndi awa. Coyamba, mwana amalize kalasi ya 12. Caciwiri, asankhe phunziro limene amalikonda ndi kulidziwa bwino, monga masamu, Cipwitikizi, Cingelezi, mbiri kapena sayansi. Cacitatu, alembe mayeso olowera ku yunivesite. Cacinayi, aphunzire zaka zinayi, ndipo mkati mwake amapita kukayesera kuphunzitsa m'kalasi yeniyeni. Akamaliza amalandira digiri yochedwa licenciatura, n'kukapikisana ndi anzake pa malo a nchito amene boma lalengeza.

Palinso njira yozungulira. Ena amayamba ndi uphunzitsi wa pulayimale m'masukulu a aphunzitsi monga a ku Angónia ndi ku Chitima. Akayamba nchito amapitiriza maphunziro ali kwao, pogwiritsa nchito mabuku ndi intaneti, ndi kupita kukalemba mayeso nthawi ndi nthawi. Njira imeneyi ndi yaitali, koma ambiri afika nayo. Inenso ndinaphunzira za pulayimale, ndipo ndi njira imeneyi imene ndikuiyang'ana.

Ndisakunamizeni kuti zonse zili bwino. Yunivesite imafuna ndalama za cakudya, za nyumba ndi za mapepala. Omaliza maphunziro ena amadikira nthawi yaitali asanalembedwe nchito. Makalasi ambiri ndi odzaza, mwakuti mphunzitsi sadziwa maina a ana onse. M'zaka za 2023 ndi 2024 aphunzitsi ambiri anadandaula poyera kuti ndalama za maola oonjezera sizikulipidwa m'nthawi yake. Wofuna kulemera msanga asasankhe coko. Koma wofuna nchito imene zipatso zake zimaoneka m'mudzi mwake, nchito ndi imeneyi. Namwino, dokotala, mlangizi wa ulimi ndi woweruza milandu, onse anadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa sekondale.

8. Mbali yathu ife makolo

Taona nyengo zinayi. M'nthawi ya atsamunda lamulo linatseka khomo. M'caka ca 1977 khomo linatsegulidwa mothamanga, ndipo acinyamata analowetsedwa osafunsidwa. M'nthawi ya nkhondo khomo linapsa ndi moto. Lero khomo lilipo, ndipo mwana amasankha yekha. Palibe msipayi womubweza. Palibe womukakamiza.

Koma ana ambiri a m'midzi safika pakhomopo. Amagwera panjira, pakati pa kalasi ya 6 ndi ya 12. Mnyamata amasiya sukulu kuti akagwire ganyu m'minda ya fodya ndi ya mbatatesi, kapena kukagulitsa malonda pamalire. Mtsikana amakwatiwa, kapena amatsala kulera ang'ono ake. Sekondale imakhala kutali, ndipo kulipira kanyumba kogona pafupi ndi sukulu kumalemera. Pa kalembera wa 2017, anthu 39 mwa 100 alionse anali osadziwabe kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi a m'midzi ndiwo anali ambiri.

Apa ndi pamene ife tili ndi mphamvu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kholo limene likuphunzira kuwerenga limatha kutsegula kope la mwana ndi kuona ngati walemba. Limatha kuwerenga kalata yocokera kwa aphunzitsi. Limatha kuyankhula pamsonkhano wa makolo popanda manyazi. Pokolola, limatha kupatula matumba awiri a cimanga kapena mbuzi imodzi, n'kunena kuti izi n'za sukulu, zisakhudzidwe. Ndipo mutu umodzi susenza denga. Amalume, azakhali ndi anansi angasonkherane kuti mwana mmodzi wa pamudzi afike ku yunivesite. Mwanayo akadzabwera ndi coko, adzaphunzitsa ana a onse.

Tsiku lotsatira ndinawapeza mayi aja ndi kuwafotokozera zonsezi. Ndinati: "Mayi, kawauzeni bambo kuti mau ao anali oona m'nthawi ya agogo. Lero si oonanso. Anthu anataya maloto ao, ena anataya moyo, kuti mwana wanu akhale ndi ufulu wosankha. Kwatsala makalasi atatu kuti amalize sekondale. Musamucotse."

Mayi aja anati akakambirana kunyumba. Mtsikanayo akupitabe kusukulu.

Mafunso okambirana

1. Kodi n'cifukwa ciyani mwana wa mlimi sankatha kukhala mphunzitsi wa liseu m'nthawi ya atsamunda?

2. Kodi cinacitika n'ciyani pa 8 Malici 1977? Inu mukadakhala mmodzi wa ophunzira aja, mukadamva bwanji?

3. Funsani munthu wacikulire wa m'mudzi mwanu kuti sukulu yoyamba ya kwanu inamangidwa liti, ndipo mphunzitsi woyamba anacokera kuti.

4. Kodi m'mudzi mwanu ana ambiri amasiyira sukulu m'kalasi iti? Chulani zifukwa zitatu.

5. Lembani m'kope mwanu cinthu cimodzi cimene mudzacita caka cino kuti mwana wa pakhomo panu asasiye sukulu.